Mulungu akuona, koma mlimi naye aone

M'misonkhano ya makopaletivu kuno ku Chama muli mawu amene amatseka anthu pakamwa msanga kuposa china chilichonse. Wina akaimirira kufunsa kuti ndalama za mpunga wa chaka chatha zinayenda bwanji, wapampando amadzigwira pachifuwa n'kunena kuti, "Abale anga, Mulungu ndiye mboni. Kodi simundikhulupirira?" Wofunsa uja amakhala pansi mwamanyazi. Msonkhano umatsekedwa ndi pemphero, koma funso lija silifa. Limakayankhidwa kuchigayo ndi kudambo, mwini wake palibe.

Ine ndine mkulu wa mpingo, ndiponso ndakhala msungichuma wa gulu la alimi a mpunga. Sindikayika kuti Mulungu amaona za mumtima. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti: munthu akakhala woyera pamaso pa Mulungu, kodi afunikabe kudzionetsa pamaso pa anthu? Ambiri timamva ngati kufunsidwa lisiti ndi chipongwe, ngati kuti wokhulupirika sawerengedwa. Maganizo amenewa, mmene ndaonera ine, agwetsa magulu ambiri kuposa akuba enieni.

Paulo sanali munthu wofunika kumukayikira. Komabe pamene mipingo ya ku Makedoniya ndi ku Akaya inasonkha chopereka cha abale osauka a ku Yerusalemu, iye sanafune kunyamula thumba yekha. Pa 2 Akorinto mutu 8 tikuona kuti anatuma Tito pamodzi ndi mbale wina amene mipingo inachita kudzisankhira yokha, ndipo chifukwa chake anachinena poyera: sanafune kuti wina apeze pomunenera pa chuma chimenecho. Anafuna kuti zinthu zikhale zolongosoka kwa Ambuye ndi kwa anthu omwe. Mtumwi amene anamangidwa ndi kukwapulidwa chifukwa cha uthenga anaitana maso a anthu ena pa ndalama, osadikira kuti amufunse. Nanga ife apampando a m'midzi tikukwiyiranji?

Mkulu mnzanga wina ananditsutsa pa mfundo imeneyi, ndipo anabwera ndi vesi lake labwino. Pa 2 Mafumu mutu 12, anthu amene ankalipira amisiri okonza kachisi m'masiku a mfumu Yoasi sankafunsidwa mmene ndalama zayendera, chifukwa anali okhulupirika. N'zoona, zalembedwa. Koma werengani mutu wonsewo. Poyamba ndalama zinkalowa m'manja mwa ansembe, ndipo mpaka chaka cha 23 cha ufumu wa Yoasi ming'alu ya kachisi inali isanakonzedwe. Ndiye wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naliboola pachivundikiro, naliika pafupi ndi guwa. Likadzaza, ankabwera awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, kudzawerenga limodzi. Kusafunsidwa kuja kunadza pambuyo pa bokosi ndi owerenga awiri, anthu akuona ndi maso awo makoma akukonzeka. Ife timafuna kuyambira kumapeto.

Kuno nkhani imeneyi imaweruzidwa pa sikelo. Mlimi wa kwa Tembwe kapena kwa Chikwa walimbana ndi mbalame, wagona kumunda kupirikitsa njovu, wapuntha ndi kupeta, ndipo thukuta lake lonse limathera pa kamuvi ka sikelo m'kanthawi kochepa. Msewu wa ku Lundazi ndi wautali, ndipo nthawi ya mvula midzi ina ya kufupi ndi Luangwa imaduka. Sangasenze thumba kukafuna msika wina. N'chifukwa chake amagulitsa kwa mavenda a meda yofutukuka m'mimba akudziwa bwino kuti akumudyera. Ndinagwirapo ntchito ndi kalaliki wina wa padepoti amene ankatembenuza sikelo kuti iyang'ane kwa mlimi, n'kutchula makilogalamu mokweza m'Chisenga asanalembe. Thumba likapitirira pang'ono, ankalemba mmene lapitiriramo. Sankalalikira za chilungamo. Koma tsiku lina mvula itabwera mwadzidzidzi madzulo, matumba ali pabwalo, anangoitana kamodzi, anthu n'kutuluka m'nyumba kudzasenza, popanda wofunsa za malipiro. Mphamvu yotere kalata ya udindo simupatsa munthu.

Taganiziraninso za mlenje wopereka mfuti yake. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, linapempha alenje kuti asiye mfuti ndi misampha ya waya, alime, ndipo lokha liziwagula mpunga, mtedza, soya ndi uchi, zimene limagulitsa pansi pa dzina la It's Wild! Mpunga wa Chama umafika m'masitolo a ku Lusaka m'mapaketi amenewo. Kwa mlenje, mfuti ndiyo inali nkhokwe ya ana ake. Munthu sapereka chinthu chotero chifukwa cha mawu okoma a pamsonkhano umodzi. Amayamba wayang'ana ngati galimoto ya ogula yabweradi kwa mnzake amene anapereka chaka chatha, ndi ngati mtengo umene unanenedwa ndi umene unalipidwa. Akaona, naye amatsatira.

Maudindo akumwamba amasinthasintha, ndipo ife a kuno taona. Mu 2011 boma lathu la Chama linachotsedwa ku chigawo cha Kum'mawa n'kuikidwa ku Muchinga, tikumayang'ana ku Chinsali. Mu 2021 tinabwereranso ku Chipata. Zidindo zinasintha, koma mlimi sanasiye kufunsa za munthu amene wamuimira pafupi. Ndipo ndalama zodutsa m'manja mwa anthu apafupiwa zachuluka. Ndalama ya chitukuko cha madera ya CDF, imene inali K1.6 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, inakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ife tili ndi madera awiri panthawiyo, Chama North ndi Chama South. Makomiti a zachilengedwe a m'mafumu, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la zanyama la 1998, amalandira gawo la ndalama za ulenje wa ku Musalangu n'kulipira alonda a m'midzi. Mlonda amene amagona m'thengo pakati pa njati ndi njovu ali ndi ufulu wodziwa kuti ndalama zalowa zingati, ndipo ngati malipiro achedwa, achedwa chifukwa chiyani. Bwana amene amamuuza zoona, ngakhale zowawa, amakhala naye nthawi yaitali. Womubisira amamutaya mtima asanamutaye thupi.

Sindikunena kuti mapepala amayeretsa munthu. Lisiti imalembedwa yabodza, ndipo owerenga awiri akhoza kupangana. Pamenepo ndi pamene kuopa Mulungu kumagwira ntchito yake, m'chipinda mopanda wina. Koma kuopa Mulungu n'kwa iwe mwini, kukuletsa dzanja; si chishango chotchingira mafunso a mayi wamasiye amene anasonkha K50 yake. Kutchula dzina la Mulungu kuti m'bale wako akhale chete pa ndalama zake ndi kulitchula pachabe, ndipo ine ndimachita nako mantha.

Kudzionetsa kuli ndi mtengo wake. Mlamu wako akabwera usiku kudzabwereka za gulu kuti adzabweza akakolola, umayenera kumuuza kuti bukuli limawerengedwa pagulu, ndipo adzakutcha wouma mtima. Ena adzafunsa mafunso achipongwe ndithu, ongofuna kukuchititsa manyazi. Ayankheni nawonso, modekha, ndi manambala.

Inu anzanga amene mwasankhidwa chaka chino kukhala apampando, alembi, asungichuma ndi oyang'anira madepoti, musadikire kuti wina aimirire. Mpunga ukagulidwa, lembani matumba ndi ndalama papepala lalikulu, mulikhomere pachitseko. Pamsonkhano muwerenge mokweza m'Chisenga kuti agogo osadziwa kuwerenga amve, ndipo makiyi a bokosi akhale kwa anthu awiri osakhala pachibale. Mukatero, tsekani ndi pemphero.