Kodi Malo Osiyidwa Angakhale Mboni?

Wophunzira luso la cyanotype amayamba ndi phunziro lodabwitsa: chinthu chojambulidwacho sichioneka papepala. Njira imeneyi, yomwe John Herschel anaitulukira mu 1842, silira kamera. Pepala amalipaka msanganizo wa ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, naliumitsa mumdima; kenaka amagonekapo tsamba kapena nthenga ndi kuliyanika padzuwa. Akalitsuka ndi madzi, ponse pamene dzuwa linafika pamasanduka pabuluu, koma pamene panagona tsamba pamatsala poyera. Umu ndimo Anna Atkins anakonzera buku lake la ndere za m'nyanja mu 1843. Chotsala ndi malo amene chinthu chinakhalapo. Nanga malo otere angaperekere umboni mwini wake?

Funsoli limakula likafika ku Shamva, m'dziko la Zimbabwe. Anthu ochokera ku Nyasaland anakumba golide mumgodi wa kumeneko, ndipo ndiwo anatsogolera sitalaka ya mu 1927. Ena anakalambira m'mafamu a azungu a ku Mashonaland, nachona komweko. Mabuku a atsamunda anasunga mosamala kulemera kwa golide ndi zokolola, koma mawu a antchitowo ndi osowa. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, zidzukulu zawo zambiri zinataya ntchito ndi pokhala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 anawatsegulira njira yopezeranso unzikawo.

Wofufuza mbiri yotere amakumana ndi mayesero awiri. Loyamba ndi kunena kuti chosalembedwa sichinachitike. Lachiwiri ndi kudzaza poyera paja ndi maganizo ake, nkumayankhula ngati kuti ndiye mchona. Cyanotype imakana onse awiri: imasunga malire a chinthu mokhulupirika, osaonjezerapo nkhope yopeka. Mgodi wokumbidwa ndi minda yolimidwa zimachitadi umboni kuti panali manja.

Komabe fanizoli lili ndi polekezera. Tsamba lilibe pakamwa. Munthu ali napo. Zidzukulu za machona zili moyo, ndipo ng'oma za gule wamkulu zikali kulira ku Zimbabwe. Kuwasandutsa chithunzithunzi chokongola chopachika pakhoma ndi kuwalanda mawu kachiwiri. Malo osiyidwa amangotsimikiza kuti munthu analipo. Sanena dzina lake, ngakhale chimene iye ankafuna. Zimenezo zimafunsidwa kwa eni ake, ndipo wophunzira amene sanapite kukawafunsa sanatsirize ntchito yake.