Diresi la Agogo: Ulemu Kapena Mantha?

Amayi achikulire a ku Neno akonda diresi lotaya, la matumba aakulu, lofika m'akakolo. Atsikana aliseka, ati ndi thumba la tirigu wa kwa Dambe. Eni ake nawo aseka, nati: mupita kamphepo, mubisika ndalama za mbatata, ndipo ukakhuta palibe adziŵa.

Tsono tiyeni tifunse. M'chaka cha 1973 boma linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi madiresi aafupi. Lamulolo linatha mu 1993. Kodi mkazi wovala chachitali poopa wapolisi tingamutche waulemu? Ine ndikana, pakuti anamuveka ndi mantha. Koma agogo a lero palibe aŵakakamiza. Afika pa kaunjika ku Zalewa, alambalala mathalauzi, natola diresi lotaya lomwe lija, nayamba kunenerera mtengo.