Kodi Wogonja Ayenera Kunyozedwa?

Mu Meyi 2025, Toronto Maple Leafs, timu ya ku Canada ya masewera a hockey ya pa madzi oundana, idagonja 6-1 kwa Florida Panthers pa bwalo lake lomwe. Ochemerera ena adakuwiza osewera awo naponya malaya a timuyo m'bwalomo.

Mkwiyo wawo ngomveka, pakuti timuyi idatenga Stanley Cup komaliza mu 1967. Komabe mwa osewera a tsikulo, panalibe amene anali atabadwa m'chaka chimenecho. Nanga n'chilungamo kuwasenzetsa ngongole ya zaka 58?

Wochemerera ali ndi ufulu wodzudzula ulesi umene wauona ndi maso ake, popeza wakutsina khutu ndi mnansi. Koma akamalanga munthu chifukwa cha zolephera za mibadwo yakale, ndiye kuti waleka kuweruza, wayamba kulipsira.