Nthabwala za Filippo Neri Woyera

Alipo aphunzitsi ena a katekisimu amene ayesa kuti nkhope yokwinya ndiyo chizindikiro cha kuyera mtima. Ana akangowaona, athawa. Filippo Neri Woyera, wansembe wa ku Roma amene anamwalira mu 1595, sanali wotero ai. Anthu atayamba kumtamanda, iye anameta ndevu mbali imodzi yokha nayenda m'misewu, kuti amseke ndi kuleka kumlemekeza. Chipongwe chonsecho chinagwera iye mwini, sichinagwere wopunduka kapena wachibwibwi monga zichitira nthabwala za pamowa. Munthu wosekedwa yemweyo, mu 1548, asanakhale wansembe, anayambitsa ndi anzake bungwe lolandira alendo osauka ndi odwala otuluka m'chipatala opanda kolowera.