Matilesi a pakona ndi a ndani?

Ngati mumakhala ku Highfields, kapena mumangodutsa pa Evington Road pokagula ndiwo, mukudziwa zomwe ndikunena. Nthawi yomwe ana a sukulu ndi anthu ena a lendi akusamuka, timakona ta misewu timadzadza: matilesi, filiji yopanda chitseko, mpando wothyoka mwendo, matumba akuda omwe ankhandwe ang'amba usiku. Kuno amati fly-tipping. Zoti n'zonyansa tonse tikuvomereza, ndiye tisatayepo nthawi. Lero ndikufunseni ichi: mukamuona mnansi wanu akutulutsa matilesi usiku n'kuwasiya pakona, kumuneneza ku khonsolo n'kulakwa?

Tiyambe ndi lamulo. Kutaya zinyalala pamalo osaloledwa ndi mlandu pansi pa Environmental Protection Act ya 1990. Mu 2023 boma linalola makhonsolo a ku England kukweza chindapusa cha pompopompo mpaka £1,000 kwa wotaya mulu wa zinyalala, ndi £500 kwa woponya kachinthu ngati chitini pamsewu. Khonsolo ya Leicester ili ndi ma city warden oyendera madera, ili ndi app ya Love Leicester yomwe mumajambula chithunzi n'kutumiza, komanso malo otayira katundu ku Gypsum Close ndi ku Freemen's Common.

Koma pali gawo lomwe ambiri a ife sitilidziwa. Mukapatsa munthu wa vani ndalama pang'ono kuti akuchotsereni katundu, iye n'kukakhuthula m'mbali mwa msewu, mlandu utha kukugwerani inuyo ngati simunaonetsetse kuti ali ndi chilolezo chonyamula zinyalala. Envelopu imodzi yokhala ndi dzina lanu m'mulumo ndi yokwanira kuti akupezeni. Poyamba zimamveka nkhanza, eti? Munalipira, munkafuna kuchita bwino. Komatu ganizani: mtengo unali wotsika chifukwa chiyani? Wa vani wachilungamo amalipira kumalo otayirako. Wotchipayo anakuchotserani ndalama imeneyo, ndipo amene aimalize ndi khonsolo, kutanthauza tonsefe kudzera mu council tax. Apa ine ndili mbali ya lamulo.

Pa za kuneneza mnansi ndi pomwe mtima umakana. Ife Amalawi mawu oti kazitape timawamva kuwawa. Makolo athu anakhala mu ulamuliro wa chipani chimodzi mpaka 1994, nthawi yomwe mawu onenedwa pamowa ankatha kufika kwa a Special Branch kusanache. Ana awo tinayamwa phunziro lakuti munthu wabwino sapereka mnzake ku boma. Onjezani kuti kuno ena mapepala awo sanalongosoke, ndipo kalata iliyonse yochokera ku ofesi imawadumphitsa mtima. Ndiye timangoyang'ana kumbali, basi.

Kumudzi vutoli silinkafika patali chonchi. Nyumba iliyonse inali ndi dzala kuseri, bwalo limasesedwa m'mamawa, ndipo wotaya zinyalala pakhomo pa mnzake ankadziwika dzina ndi mtundu womwe. Manyazi ankagwira ntchito ya chindapusa. Ngakhale tsiku losesa m'dziko lonse lomwe a Lazarus Chakwera anakhazikitsa mu November 2020 linadalira zomwezo, zoti anthu akuonani ngati simunatuluke ndi tsache. Ku Highfields manyazi alibe pogwira. Nyumba zakale zogundizanazi zambiri zinagawidwa m'zipinda, anthu angapo osadziwana akugawana khitchini ndi bini imodzi, ndipo wa m'chipinda chapamwamba mwezi wa mawa adzakhala ali ku Coventry. Msewu wa munthu amene akudziwa kuti sakhalitsa si wake.

N'chifukwa chake sindiika onse m'thumba limodzi. Mayi wopanda galimoto, wobwera kumene, amene sakudziwa kuti khonsolo imabwera kudzatenga katundu wamkulu ukapangana nayo tsiku, ameneyo gogodani pakhomo pake. Muuzeni m'Chichewa, m'Chingerezi, kaya ndi manja, mumuthandize kulembetsa pafoni. Kumujambula mobisa pawindo musanalankhule naye, kumeneko ndiye kumafanana ndi ukazitape.

Landilodi ndi nkhani ina. Amene amati wa lendi akatuluka, iye n'kukhuthulira za m'chipinda pamsewu kuti alowetse wina Lolemba, amadziwa bwino lomwe lamulo, ndipo galimoto ali nayo. Akusunga ndalama zake pogwiritsa ntchito khomo lanu. Kazitape wa nthawi ija ankapereka wofooka kwa wamphamvu kuti iye apeze kanthu. Kuneneza landilodi wotere, kapena wa vani wakhuthula pafupi ndi Spinney Hill Park pomwe ana amasewera, simupezapo kanthu inuyo, ndipo amene mukumuteteza ndi agogo oyenda ndi ndodo omwe akutsikira mumsewu wa magalimoto chifukwa filiji yatseka njira. Lembani nambala ya vaniyo.

Ena mundiuza kuti khonsolo ikamatola msanga, otaya amazolowera, amati pakona paja amatenga. N'zoona, ndipo khonsolo yagwidwa pakati: ikachedwa mulu umakula ndipo makoswe amabwera, ikafulumira anthu amayesa ndi malo ovomerezeka. Tumizani chithunzicho ndithu. Koma ngati matilesiwo mukuwadziwa khomo lomwe atuluka, muyambe mwafunsa kuti wawatulutsa ndi wa lendi kapena mwini nyumba.