KAPITAO WA CHUMA CHA OSAONA

Pa njira ya ku Yeriko, Bartimeo wakhungu adapfuulira Ambuye Yesu. Ambuye adamuitanitsa, ndipo asadamchize adayamba amfunsa chimene iye mwini adali kufuna (Marko 10). Mwana wa Mulungu, wodziwa zonse, adafunsa wopemphapempha. Apa pali phunziro kwa onse osunga ndalama zimene abwenzi achifundo amapereka ku masukulu a ukachenjede kuti zigulire zipangizo ophunzira olumala.

Ndalama zotere si za sukulu ai, ndiponso si za kapitao wozisunga. Mwini wake ndi mnyamata wosaona amene afuna kuwerenga buku la mayeso, ndi mtsikana wosamva amene akhala m'kalasi osagwirapo kanthu. Choncho kapitao wanzeru ayambe wakhala pansi ndi iwowo asadalembe kalata yogulira katundu. Wina asowa makina a Perkins otaipira zilembo za Braille, wina asowa kompyuta yomuwerengera mau mokweza, winanso asowa galasi lokuza zilembo. Wogula osafunsa amagula zokondweretsa maso a alendo.

Akulu a masukulu asanyoze nzeru za osaona. Louis Braille, Mkatolika wa ku France wobadwa mu 1809, adachita khungu ali mwana, napanga zilembo za timadontho 6 mu 1824, ali wa zaka 15. Sukulu yake ya ku Paris idazivomereza mu 1854, iye atamwalira kale mu 1852. Ophunzira adali atazikonda kale, koma akuluakulu adachedwa kuwamvera.

Chachiwiri, thandizo la abwenzi liri ndi tsiku lake lothera. Makina osindikiza Braille amafuna mapepala ochindikala ndi mmisiri wowakonza akaonongeka. Kapitao amene sadaphunzitse munthu wowayendetsa, kapena sadakambirane ndi akulu a sukulu za ndalama za m'tsogolo, adzaona makinawo atagwa fumbi m'nyumba yosungira katundu. Ameneyo afanana ndi wantchito uja adakwirira pansi ndalama ya mbuye wake (Mateo 25): sadabe kanthu, komabe adatsutsidwa.

Chachitatu, malipoti akhale oona. Ndalama ya makina isapatutsidwe kukalipira maulendo ndi misonkhano, ngakhale malisiti atakwanira. Lamulo la Mose lidaletsa kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wakhungu, popeza Mulungu amaona chimene wakhunguyo sachiona (Levitiko 19). Wophunzira wosaona sangathe kuwerenga buku la ndalama lolembedwa ndi inki. Chikumbumtima cha kapitao ndicho mlonda wake.

Aphunzitsi a katekisimu akumbutse Akristu kuti mlandu umenewu ukhudzanso msungichuma wa tchalitchi cha kumudzi. Tsiku la chiweruzo Ambuye adzaona chinthu chimodzi: ngati mwana wao wosaona adafikadi powerenga buku lake ndi kulemba mayeso pamodzi ndi anzake.