Wochapa, Wophika ndi Nyanja

Ku Cape Maclear kuli malo ogona alendo oyendetsedwa ndi mabanja, ndipo antchito ake ambiri ndi a m'mudzi wa Chembe. Alendo amatsatira madzi oyera ndi nsomba za mbuna, zomwe boma linaziteteza pokhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980. Madziwo akada, alendo sabweranso.

Nanga amayamba ndani kuona kuti zinthu zikuonongeka? Wophika ndiye amaona kuti asodzi ayamba kubweretsa nsomba zosakhwima. Mayi wochapa amadziwa kumene madzi a sopo amathera, ngakhale mwini malo sanapondeko kuseri kumeneko. Koma pamalo ambiri otere anthuwa safunsidwa kanthu, ndipo dzinja likafika, alendo n'kuchepa, ena amauzidwa kuti akadikire kunyumba popanda malipiro. Munthu amene sakudziwa ngati mwezi wamawa ali pantchito, tingamuuze bwanji kuti asamale nyanja ya zidzukulu?

Bahá'u'lláh anaphunzitsa kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza Mulungu, ndipo anatilangiza kuti tizikambirana pa zinthu zonse. 'Abdu'l-Bahá anaonjezera kuti wantchito azilandira malipiro ake komanso gawo la phindu. Gawolo sanalitenge ngati mphatso ya bwana wachifundo ayi, analitenga ngati chilungamo.

Tikambirane: banja lotere likakhala pansi kukonza za chaka chamawa, mayi wochapa uja akhale pati? Mawu ake akasiyana ndi a mwana wa mwini malo, banjalo lichite chiyani?